Mikanda ya Olipa ndi Madzi a Maliro

Umphawi wa Olipa unali wa mtundu woipa uja, umphawi wa munthu amene anapondako m'kalasi. Atate ake anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ku Kasenengwa, iye mwini ankawerenga Buku Lopatulika osapunthwa ngakhale pa maina ovuta aja a mafumu, koma m'zaka za Chitaganya ankakhala m'kanyumba kodontha kukomboni ya Kapata, n'kumachapa zovala za eni ake. Mwamuna wake, Paison, anapita ku Halale fodya atagwa mtengo m'mafamu a azungu, ndipo anatchona. Ana awiri anali kumanda. Wotsala anali Zelipa yekha, namwali wa mano oyera amene ankaseka ndi aliyense, ngakhale ndi agalu a eni. Olipa analibe china pansi pano koma mwana ameneyu, ndipo ankanena zimenezo kwa aliyense amene anali ndi makutu.

Ankachapa kwa mmwenye wina wa sitolo ya nsalu m'tauni ya Foti Jemisoni. Pakhonde pa nyumbayo pamakhala nkhalamba, make wa mwini sitolo, itagwira mikanda ya miyala yosalala, chala chikukankha umodzi umodzi, milomo ikunong'ona dzina la mulungu wake. Tsiku lina ulusi unaduka, mikanda n'kumwazika pasimenti. Olipa anaitola yonse, n'kuitunga bwinobwino, kuika kamfundo pakati pa mwala ndi mwala kuti ukadzadukanso isadzabalalike. Nkhalamba ija inakondwa, inampatsa miyala yotsala m'kachitini. Umo ndi mmene ntchito inayambira. Amuna okumba kumapiri a ku Lundazi ankabwera ndi timiyala tofiira, tina tamtambo, tina tonga madzi a pachitsime, munthu wokonza mawotchi n'kumamuboolera. Olipa ankatunga korona za Akatolika, mikanda yowerengera mapemphero ya Asilamu, ndi ina yongovala m'khosi tsiku ndi tsiku. Dzanja anali nalo, zimenezo sitingam'mane. Koma anthu ankangoigwiragwira pamsika, kuiyamikira, n'kukagula ya galasi yotsika mtengo kusitolo.

Tsono panali Getrude. Anaphunzira limodzi, ankakhala benchi imodzi, ndipo pa masamu Getrude ankaonera kwa Olipa. Lero Getrude anali mkazi wa kalaliki wa paboma, nyumba ya malata, makina osokera, ndiponso mtsogoleri wa amayi a chigwirizano kutchalitchi. Sanali munthu woipa, ayi. Madiresi amene mwana wake wawakula ankawatumiza kwa Zelipa, atawachapa ndi kuwasita. Koma nsanje imawawa koposa ikamalandira mphatso. Olipa ankati zikomo pakhomo, akalowa m'nyumba n'kuponya diresilo pansi ngati lili ndi nsabwe.

Za Wilbroad anazimva pamsika. Munthuyu kale ankaphunzitsa katekisimu, anam'chotsa pa zifukwa zimene anthu ankazinena motsitsa mawu, ndipo tsopano ankakhala payekha kupitirira mudzi wa Mtenguleni, akupatsa anthu mankhwala oitanira malonda. Olipa anauza Zelipa kuti akupita kukaona miyala yatsopano, n'kukwera lole ya chimanga.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Amene akuganiza za zithumwa, nsupa ndi michira ya nyama walemba m'madzi. Bwalo linali losesedwa bwino, mwini wake atavala jekete ya khaki ndi magalasi, aulemu ngati mkulu wa mpingo. Chinthu chimodzi chokha: panali kafungo, konga ka khoswe wofera kudenga, kamene kankabwera n'kumapita ndi mphepo.

Wilbroad anatenga mikanda ija, anaiyendetsa m'zala monga munthu woizolowera.

"Ntchito ndi yabwino, mayi. Koma mikanda yanu ndi youma."

"Youma bwanji, bambo?"

"Mwala paokha sudziwa kuitana munthu. Uyenera umwe kaye." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kumpingo kwanu mumasambitsa nawo maliro?"

"Ndimathandiza, akakhala maliro a munthu wamkazi. Ndili m'chigwirizano."

"Ndiye kuti mwabwera ndi khasu lanu lomwe. Tandiuzani, kumaliro ndani amakakamiza anthu kuti abwere? Palibe. Wolemera amatseka sitolo, wosauka amasiya munda, onse piringupiringu pakhomo limodzi. Chimene chimawakoka chimatsalira m'madzi aja osambitsira, inu n'kumangowataya kuseri kwa nyumba. Muzitengako. Mkanda uliwonse umene mukufuna kugulitsa uzigona m'madzi amenewo."

"Bambo, mikanda iyi anthu amapempherera. Ena amaipsompsona."

"Nanga inu mumafuna azichita nayo chiyani, aziisiya pamsika? Njira mwabwerera ija ikadalipo, mayi. Lole imadutsanso madzulo."

Apa munthu wanzeru akanaimirira, kukutumula fumbi pachitenje n'kumapita. Olipa anayang'ana mapazi ake ong'aluka, ndipo anaona nsapato za mwana wa Getrude ngati zili pomwepo. Anafunsa mtengo.

"Ine ndalama sindilandira. Muzilipira uwu."

Anatulutsa m'thumba la jekete mkanda wa miyala yotumbuluka, yosawala, yonga mano a ng'ombe. Anati umenewu ndiye make wa mikanda yonse. Auvale pakhungu penipeni, asauvule posamba kapena pogona. Pa maliro alionse mwala umodzi uzimwa madzi aja, ndipo mwezi usathe osamwetsa.

"M'mawa uliwonse muziuwerenga, monga achitira opemphera. Pa mwala umene unamwa, tchulani dzina la amene unamwa madzi ake. Mukafika pa wouma, tsekani pakamwa mpaka chala chidutse yonse. Mwala wouma uli ndi makutu. Dzina limene limveke chala chili pamenepo, umalitenga."

"Kulitenga kupita nalo kuti?"

"Mwaphunzira sukulu inu, musandifunse za ana."

"Nanga yonse ikadzatha kumwa?"

Wilbroad anamwetulira. "Mukadzafika kumeneko mudzandiuze. Sindinamuone wofikako."

"Ndili ndi mwana m'nyumba, bambo."

"Ndiye mudziwa kusunga pakamwa. Weramani."

Olipa anawerama, mkanda n'kulowa m'khosi. Unali wozizira, ndipo sunafunde ngakhale atayenda nawo padzuwa mpaka kumsewu.

Maliro oyamba anali a Tereza, nkhalamba imene inadwala zilonda za m'miyendo chaka chathunthu. Amayi anzake akuimba nyimbo chapansipansi, Olipa anaviika kansanza m'beseni, n'kukabisa m'kamisolo, konyowa chomwecho, pabere lomwe anayamwitsira ana. Anakhala nako mwambo wonse wa maliro, madzi akutsikira pamimba, iye akuimba nawo za kwathu kumwamba. Atafika kunyumba anafinyira mumtsuko, kuonjezamo madzi a pachitsime, kunyowetsa mwala umodzi wa m'khosi, kuviikamo mikanda yogulitsa, n'kukankhira kunsi kwa bedi. Tsiku limenelo anasanza, chakudya osachikhudza. Mwala woyamba unasanduka wofiira ngati chiwindi.

Loweruka lotsatira mikanda inatha dzuwa lisanatenthe. Anthu ankachita kulandana. Telala wina Msilamu anagula, n'kuisisita kumaso ndi m'ndevu. Mayi wina Mkatolika anapsompsona kamtanda ka korona pomwepo, Olipa akuyang'ana. Amayi oyamwitsa ankavala yawo m'khosi, makanda omera mano n'kumaiyamwa, dovu chuchuchu. Ine ndikamafika pamenepa malovu amandiwawa m'kamwa. Koma Olipa anazolowera msanga, pakuti mphuno ya munthu wadyera sichedwa kugontha. Ulendo wachiwiri sanasanze. Ulendo wachitatu anadya bwinobwino asanasambe n'komwe m'manja.

Chuma chinabwera ngati mvula ya mwezi wa Januwale. Denga la udzu linachoka, kunabwera malata. Anagula makina osokera oposa a Getrude, ngakhale sankadziwa kupalasa kwake. Anasiya kuchapa kwa amwenye, amwenyewo ndiwo anayamba kutumiza anthu kudzaoda mikanda yake. Zelipa anavala nsapato, anabwerera kusukulu, n'kumalota zodzakhala namwino. Olipa ankati zonsezi akuchitira mwana. Mwina poyamba zinali zoona, koma mwana savala ndolo zagolide zimene zinali m'makutu mwa make.

Chipinda chogona cha Olipa chinakhala chokhoma. Zelipa ankapempha kuti aphunzire kutunga, make n'kumukalipira kuti asakhudze ngakhale mwala umodzi, ntchito yake ndi mabuku.

"Amama, m'chipinda mwanu mwafa khoswe," ankatero mtsikanayo. "Ndipatseni kiyi ndikasese. Anzanga akuleka kubwera kuno."

"Anzako amadya fungo? Pita ukawerenge."

Ndipo Olipa anasanduka mayi wachifundo woposa onse mu Kapata. Kukangomveka kuti uje wagona, iye wafika kale ndi phala m'kambale. Ankakhala pambali pa wodwala, n'kumamuyang'ana mmene munthu ayang'anira mango kuti apsa liti. Wodwala akachira, Olipa ankabwerako nkhope ili gwa, ngati am'bera. Maliro akachitika, ankafika eni ake asanayambe n'kulira komwe, manja a bulauzi atapinda kale. M'khosi namo munayamba chilonda. Mkanda unkadya khungu pang'onopang'ono, mafinya n'kumamata miyala, iye n'kumakulunga mpango ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Kutchalitchi anthu anayamba kusiya malo pakati pa iwo ndi iye.

Anthu si nkhuku, amaona. Tsiku lina Getrude anabwera yekha, anakhala pampando watsopano uja, n'kulankhula mofatsa.

"Amake Zelipa, amayi akuti mupumeko pa zosambitsa. Mwagwira nthawi yaitali."

"Ndatopa ndauza ndani?"

"Palibe. Koma kwa a Whiteson kuja munafika mkazi wawo akupumabe, inu n'kufunsa kumene kuli beseni. Anthu sanaiwale. Ndiponso khosi lanulo, anzanga, pitani nalo kuchipatala. Ndikunena ngati mnzanu wa pabenchi."

"Nsanje basi. Malata anga akukubayani m'maso."

Getrude anaimirira, anatsanzika mwaulemu, ndipo kuyambira tsikulo chitseko cha kosambitsira chinatsekeka kwa Olipa.

Anayesa kumidzi. Anakwera njinga mpaka ku Kasenengwa atamva kuti kwagwa maliro, koma kumudzi maliro ali ndi adzukulu ake, mlendo sangangolowa n'kugwira mtembo wa eni. Anam'patsa mphasa, n'kumukhazika ndi olira anzake panja. Mwezi unali kutha. Mkanda unayamba kufupika. Kumeza madzi kunkapweteka, mawu anasasa, ndipo akagona chagada ankadzuka akuphupha ngati nkhuku yopotoledwa. Anabwerera kwa Wilbroad.

Anam'peza akusesa bwalo. Sanasiye n'kusesa komwe.

"Andiletsa kusambitsa, bambo. Chotsani chinthuchi. Malata ndi makina tengani."

"Malata ndiwatani ine? Munawerama nokha, mayi, sindinakugwireni pamutu."

"Ukundipha."

"Uli ndi ludzu. Ngati maliro sakubwera okha, aitaneni. Mulibe munthu amene anakulakwirani? Chala pamwala wouma, dzina limodzi, basi. Pa maliro a mnzanu wapamtima ndani angakuletseni kulowa?"

Pobwerera m'lole muja, dzina Olipa anali atalisankha kale. Anadziuza kuti Getrude ndiye anayamba, kuti Getrude wadya zabwino zokwanira, kuti ana ake ndi akuluakulu. Munthu akafuna kuchita chonyansa, zifukwa zimabwera zokha ngati ntchentche.

M'mawa mwake chipinda chinam'kanika. Fungo la mtsuko ndi kuthina kwa khosi zinam'tulutsa, anapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo m'kufulumira kwakeko anasiya kiyi pachitseko. Anamasula mpango n'kuyamba kuwerenga. Tereza. Mainess. Rozi, amene anafa pobereka. Ireen, kamwana ka chikuku. Maina ankatuluka mosavuta, monga atulukira mawu a pemphero lozolowereka. Chala chinafika pa mwala wouma. Anakoka mpweya, lilime linakonzeka.

Pomwepo Zelipa anatulukira pangodya ya nyumba atanyamula mtsuko uja, nkhope atatembenuzira kumbali, akudziletsa kusanza. Anali atam'peza khoswe wake. Anautula pansi pafupi ndi dzala, anasuzumiramo, anaona mikanda ikunyezimira pansi pa madzi akuda a thovu, ndipo pokhala mwana wosamala zinthu za make, anapinda dzanja la diresi kuti aivuule asanataye.

"Zelipa, siya!"

Mkanda unamasuka nthawi yomweyo. Mpweya unalowa wonse, wozizira, wokoma, mpaka pansi pa chifuwa. Kwa kanthawi kochepa thupi la Olipa linakondwa, ndipo kukondwa kumeneko ndi kumene kunamuuza chimene wachita. Anayang'ana chala chake. Chinali chikadali pamwala.

Anakuwa dzina la Getrude, analibwereza mpaka mawu kutha, koma mwala unali utamva kale. Anatenga sizasi kuti adule ulusi, sizasi inangodula khungu. Zelipa anaimirira pomwepo, dzanja lili lonyowa, akuyang'ana khosi la make limene anali asanalione chivundukulire.

Madzulo ake mtsikana anayamba kutentha thupi. Kuchipatala anam'pima, anam'baya jakisoni, sanapeze kanthu, n'kumubweza. Ankangoti ludzu, ludzu, koma madzi akafika pakamwa ankabwerera. Olipa anakhala pambali pake, ulendo uno osati ngati woyang'ana mango.

"Amama," anatero Zelipa, mawu ali apansipansi, "mikanda ya mumtsuko ija ndi yomwe mumagulitsa kwa anthu opemphera?"

Olipa anagwedeza mutu movomera.

"Madzi aja ndi a chiyani?"

Mwanayo anam'yang'ana nthawi yaitali, kenaka anachotsa dzanja lake m'dzanja la make, n'kulibisa m'bulangeti.

"Nsapato zija mukapatse wina. Ndipemphereni, amama, ndikuopa."

Olipa anagwada, anatsegula pakamwa kuti anene Atate wathu wa Kumwamba, koma chimene chinatuluka ndi Tereza, Mainess, Rozi. Anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Zelipa anatembenukira kukhoma, ndipo sanalankhulenso mpaka anatsirizika tsiku lachitatu, nthawi imene anzake ankaweruka kusukulu.

Kapata yense anabwera, pakuti mwanayo ankakondedwa. Getrude ndiye anatsogolera amayi osambitsa, misozi ili mbwembwembwe. Make wa malemu salowa kumeneko, amakhala m'nyumba pamphasa, anzake atam'zungulira, ndipo Olipa anakhala pamenepo akulira kulira kwenikweni, kwa mayi amene wataya mwana wake wotsiriza. Amayi anatuluka ndi beseni, anakathira madzi m'kadzenje kuseri, pafupi ndi mpanda. Olipa anamva kukhuthuka kwa madziwo. Mkanda nawo unamva.

Unathina kuposa kale lonse. Dzina unali utatenga, tsopano unkafuna kumwa. Olipa anapirira nyimbo imodzi, anapirira yachiwiri, maso akutong'oka. Bokosi lili pafupi kutuluka, ananong'oneza mayi wa pambali pake kuti akupita kuchimbudzi.

Atachedwa, Getrude anam'tsatira poopa kuti wakomoka. Anam'peza atagwada pa kadzenje kaja, mpango uli pansi, akukumba matope ndi zikhadabo, kuwafinya m'manja, n'kumadzipaka m'khosi. Pachilondapo pankayenda timphutsi toyera. Milomo yake inali yamatope. Atamva mapazi anatembenuka, n'kuphimba dzenjelo ndi mikono ngati galu wotchinjiriza fupa.

"Ndi mwana wanga," anatero. "Madzi ake ndi anga. Inu munatenga zonse, awa okha ndisiyireni."

Getrude sanakuwe. Anabwerera chafutambuyo, anagwira mpanda, n'kusanza. Amayi ena anathamangira kumeneko, wina anapunthwa pa mtsuko umene Olipa anaubisa m'maudzu, unagubuduka, mikanda n'kukhuthukira poyera pamodzi ndi tinsanza tonse. Panalibe wofunika kum'fotokozera. Pamaliropo theka la anthu linali litavala mikanda ya Olipa. Anaidula m'makosi, miyala n'kumwazika bwalo lonse. Mayi wa korona uja ankapukuta milomo ndi mchenga mpaka kutuluka magazi. Wina anakhazika khanda lake pansi n'kumalitsuka m'kamwa ndi phulusa, mwana akulira, iye akuliranso. Zelipa anapita kumanda make anthu atam'tsekera m'nyumba, akugogoda chitseko ndi mutu.

Nzeru za Olipa sizinabwererenso. Malata anazula achibale a Paison, makina osokera anachita dzimbiri pamvula popeza panalibe wofuna kuwakhudza. Olipa ankayenda pakati pa msika wa Kapata ndi njira ya kumanda, chala chili pakhosi, akutchula maina aja, ndipo akafika pa la mwana wake ankayambiranso. Akamva kulira kwa maliro ankathamangira komweko ndi kansanza m'manja, anthu n'kumuthamangitsa ndi zibuma. Anthu atam'funafuna Wilbroad anapeza nyumba yokha, bwalo losesedwa, mwini wake atasamukira kumene kuli osauka ena ansanje.

Olipa anafa nthawi ya dzinja, m'ngalande ya pamsewu. Mpingo unapereka nsalu, amuna anakumba manda, koma pa amayi onse a chigwirizano panalibe ndi mmodzi yemwe amene analola kugwira beseni. Ngakhale Getrude, ndi mtima wake wabwino uja, anafika pakhomo n'kubwerera. Anam'kulunga chomwecho ndi matope ake, mkanda uli m'khosi.

Inu amene maso anu sachoka padenga la mnzanu, imvani. Walira mvula walira matope. Chuma cha mankhwala sichipatsa, chimakongoza, ndipo pobweza sichifunsa kuti m'nyumba mwanu mumakonda ndani. Olipa anali ndi dzanja la luso ndi mwana womukonda, koma dyera linamuuza kuti alibe kanthu, iye n'kukhulupirira. Umphawi umang'amba mapazi, inde, koma sunakhalepo ndi tsiku lotuma mayi kukakumba madzi osambitsira mwana wake. Idyani chochepa chanu ndi manja oyera.